Sabata yoyamba ku yunivesite: silipi ya ku banki inandidyera tsiku lonse

Kulembetsa ndamaliza Lachisanu madzulo. ID ili m'thumba, makosi akuoneka pa portal (tsamba la sukulu la pa intaneti lolembetserapo), pogona ndili napo. Tsopano ndingathe kupuma. Koma Lachiwiri lonse linapita pachabe chifukwa cha kapepala kamodzi ka ku banki, ndipo mtima ukundiwawabe. Ma yearo, a chaka choyamba amene mukubwera pambuyo pathu, kaya mwasankhidwa kupita ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, Thyolo kapena Mzuzu, mverani izi musanakwere basi.

Pokalipira fizi, pa silipi pamakhala malo a dzina la wolipira ndi malo a reference. Pa reference pajapo lembani registration number yanu, ija ili pa kalata yokuitanani, manambala onse ndi timizere take tomwe. Osati nambala ya mayeso a MSCE, osati dzina la bambo anu, osati mawu akuti "fees" okha. Akaunti ya sukulu imalandira ndalama za ophunzira ambirimbiri masiku omwewo, ndipo a ofesi ya zachuma akatsegula statement amangoona kuchuluka kwa ndalama ndi reference basi. Pakalembedwa kuti Banda, iwo adziwa bwanji Banda wake? Ndalama imakhala italowa, koma siinakhazikike pa dzina lanu, ndiye portal siitseguka. Portal ikakhala yotseka simungalembetse makosi, simungajambulitse ID, ndipo kiyi wa ku hositelo sakupatsani.

Fizi yanga anakalipira ndi malume ku boma kwathu, ndipo pa reference panalembedwa dzina lawo. Ndinaima pa mzere 7 koloko m'mawa, ndinafika pa windo 11 koloko itadutsa. Amayi a pa windo anangoyang'ana kamodzi n'kundibwezera.

"Iyi si yanu. Apa pali dzina lina."

"Madam, ndi malume anga amenewo, ndiwo akundilipirira. Taonani deti ndi ndalama zake."

"Kabwereni ndi kalata ya ku banki. Wotsatira!"

Ndinakwera kabaza mpaka m'tauni, mzere winanso. Ku banki anati kalata yoteroyo amapatsa mwiniwake amene anaika ndalamayo, ndipo malume ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Pobwerera ku sukulu cha m'ma 3 koloko ndinapeza netiweki yagwa, windo latsekedwa, anthu angokhala pa udzu atagwira maenivelopu awo. Chimene chikundipweteka si lamulolo ayi, lamulolo n'lomveka. Koma pakhomo pa ofesi panalibe ngakhale chikalata chimodzi chonena za reference, ndipo tinalipo angapo a vuto lomweli. Munthu mmodzi yekha akanangoyenda m'mbali mwa mzere m'mawa kuyang'ana masilipi, akanatiuza tisanawononge maola 4 padzuwa, ena asanadye kanthu, ena ali ndi makolo amene amafuna kubwerera tsiku lomwelo.

Chimene chinathandiza Lachitatu ndi ichi: ndinalemba kalata ya pamanja kupita kwa mkulu wa zachuma, yofotokoza kuti ndalamayo ndi yanga, n'kuikapo registration number, deti, nthambi ya banki ndi kuchuluka kwa ndalama. Ndinaphatikiza silipi yeniyeni, fotokope ya kalata yondiitana, ndi chithunzi cha chitupa cha malume chimene ananditumizira pa WhatsApp n'kukapulintitsa. Pofika masana portal inatseguka. Njirayi anandiuza ndi conti wina (wophunzira amene anayamba kale) pa mzere, osati a mu ofesi.

Nambala ya akaunti nayonso muitenge pa kalata yanu kapena pa webusaiti ya sukulu. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS. Choncho nambala imene achimwene anu ankalipirapo kalekale musaidalire, ngakhale aloweza pamtima.

Silipi ikangotuluka ijambuleni pa foni, kenako pangani mafotokope 3. Timasilipi tina ta makina tija timafufutika inki tikakhala m'thumba masiku awiri. Yeniyeniyo musasiye pa windo lililonse popanda kudinditsa fotokope yanu. Mu envelopu yomweyo mukhale kalata yokuitanani, satifiketi ya MSCE kapena notification ya ku MANEB, chitupa cha unzika cha ku NRB, fomu ya ku chipatala yodindidwa kale, ndi zithunzi za pasipoti. Ine ndinatenga 6, zatsala 2. Mafotokope pangirani kwanu, chifukwa pa kampasi sabata imeneyi pa makina pamakhala mzere wakewake, magetsi akathima ndiye basi. Yang'ananinso kalembedwe ka dzina lanu pa mapepala onsewo. Ngati pa satifiketi pali dzina lina ndipo pa chitupa lasiyana ngakhale chilembo chimodzi, kapangitseni affidavit (kalata yolumbira) kwa majisitireti kapena kwa loya musanabwere.

Ndadumpha za Lolemba, tsiku lofika. Mabedi a pa kampasi sakwanira aliyense, choncho fikani m'mawa, osati ndi basi ya madzulo. Mukapatsidwa chipinda amakupatsani fomu ya katundu wa m'chipindamo. Musasaine muli pa ofesi. Pitani kaye mukaone: soketi ikugwira? Galasi la windo lilipo? Loko wa chitseko ndi wa wadirobu ali bwanji? Chilichonse chothyoka chilembeni pa fomuyo, mesho wanu (mnzanu wa m'chipinda) aone, mujambulenso chithunzi, chifukwa potseka semesita chimene simunalembe amati mwathyola ndinu. Matilesi atembenuzeni, muyang'ane m'misoko. Mukaona timadontho takuda, ndi nsikidzi zimenezo. Atulutseni padzuwa tsiku lomwelo, bedi mulisunthe lisagunde khoma, ndipo mukanene kwa oyang'anira hositelo kuti adzapopere.

Amene mwasowa malo n'kukafuna nyumba kunja, musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene wangokuonetsani zithunzi pa gulu la WhatsApp. Kaoneni nyumbayo ndi maso, mukumane ndi alandilodi enieniwo. Afunseni ngati madzi ali mu lendi momwemo, ngati mita ya ESCOM ndi yanuyanu kapena ya nyumba zonse, ndipo mayunitsi amasonkha bwanji. Mikangano yambiri imayambira pamenepo, wina ali ndi hotplate ndi ayironi, wina ali ndi foni yokha, koma musonkhe mofanana. Yendani njirayo wapansi muwerenge mphindi, ndipo muganizire kuti mudzaiyendanso usiku pochokera ku layibulale. Lendi mukapereka, lisiti lolembedwa, ngakhale pa pepala la m'kope.

Zonyamula sindichulukitsa. Ndowa, chifukwa madzi amasiya. Maloko 2, wina wa chitseko wina wa sutikesi. Neti ya udzudzu ndi chingwe chake. Extension, poti soketi imodzi mumagawana ndi mesho. Tochi, mbale, kapu, supuni. Za hotplate funsani kaye malamulo a hositelo yanu, kwina amalanda, ndipo zikayatsidwa zingapo nthawi imodzi magetsi a mzere wonse amagwa. Ngati mudzaphika nokha, kathumba ka ufa, nyemba, usipa wouma, soya pieces ndi botolo la mafuta kuchokera kunyumba zimakupulumutsani, chifukwa ndalama za sabata yoyamba zimathera pa kabaza, fotokope, bandulo ndi chips.

Za ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, dziwani kuti ndi ndondomeko ina payokha, yosiyana ndi kusankhidwa kudzera ku NCHE. Kusankhidwa sikutanthauza kuti ngongole mwapeza. Mumafunsira panokha, ndipo mukhale ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu, osati ya mayi. Ngakhale dzina lanu latuluka, bwerani ndi ndalama yodyera masabata oyambirira.

Orientation ambiri amaithawa akangomva mawu a akuluakulu tsiku loyamba. Magawo awiri musaphonye: la ku layibulale ndi la ICT. Kumeneko ndi kumene amapereka email ya sukulu, password ya Wi-Fi ndi njira yolowera kumene aphunzitsi amaika manotsi. Password ya portal isintheni pompo, ndipo musapatse mnzanu kuti akulembetsereni makosi. Akasokoneza code imodzi mudzalowa m'kalasi semesita yonse dzina lanu lili pa kosi ina. Mukamaliza kulembetsa pulintani tsambalo, muyerekeze ndi mndandanda wa ku dipatimenti yanu. Makosi awiri akagundana ola limodzi pa timetable, pitani kwa mkulu wa dipatimenti sabata yomweyi, chifukwa nthawi yosintha makosi imakhala yochepa.

Ma conti ambiri ndi anthu abwino, amene anandionetsa njira ya kalata ija ndi mmodzi wa iwo. Koma aliponso ogulitsa mahandout akale, otolera ndalama za "kulowa" m'hositelo zimene kulibe, ndi ena amene amazungulira atsikana a chaka choyamba ndi lonjezo la manotsi kapena chipinda. Ndalama iliyonse ya sukulu imakhala pa kalata ndipo ili ndi lisiti. Wina akakuopsezani kapena kukukakamizani, ofesi ya dean of students ndi a bungwe la ophunzira alipo chifukwa cha zomwezo. Ofuna kopemphera, a SCOM, CCAPSO, YCS ndi bungwe la ophunzira achisilamu amakupezani okha sabata yoyamba, ndipo ndiwo amadziwa bwino kumene kuli zipinda zotsala.

Ngati wokulipirirani ali kutali, mtumizireni registration number pa meseji, osati pakamwa pa foni, ndipo akujambulireni silipiyo asanachoke pa kauntala. Reference ikalakwika akonzetse pomwepo, teller akadali pamaso pake.

Lamlungu masana tengani timetable, muzungulire kampasi mupeze chipinda chilichonse chimene mudzaphunziremo, mulembe nambala ya class rep, ndipo mumuuze akuikeni pa gulu la kalasi, poti zipinda zimasintha usiku ndipo uthenga umabwera kumeneko. Makalasi a chaka choyamba amadzaza, mipando imatha. Kalasi yanga yoyamba ili Lolemba 8 koloko, ndikakhala pakhomo 7:30.