Sabata imene Chisomo anasanduka Nangozo

Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamwe n'komwe, foni inalira. Unali uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mkulu woona za mapulogalamu kuwailesi: "Aphunzitsi, magawo atatu aja tawerenga. Mayiyu ndi wabwino ndithu, koma sakutigwira mtima." Choko ndinachisiya kalekale, koma dzina la uphunzitsi linandikanirira ngati chisoso pathalauza.

Masiku ano ndimadyera cholembera. Ndimalemba masewero a pa wailesi ndili konkuno ku Dedza, ndipo pakadali pano ndili ndi sewero la magawo 13, lililonse la mphindi 15, lomwe likulipiridwa ndi bungwe lina lolimbikitsa mabanki a m'khonde. Mwininkhani wake ndi mayi wa ku Bembeke wochita geni ya mbatata ya kachewere. Ndinamutcha Chisomo. Ankadzuka tambala woyamba, kusesa, kuphikira ana phala, kupita kumsika, pobwerako n'kumalangiza anzake za ubwino wosunga ndalama. Sankakwiya, sankanama, sankalakwitsa chenje. Mwamuna wake akabwera ataledzera ankamuyankha ndi mwambi.

Ndinatenga mapepalawo n'kuwawerengera mayi akunyumba mokweza, poti sewero la pa wailesi timaliyesa ndi khutu. Pofika tsamba lachinayi iwo anali atayamba kusankha nyemba. "Bambo, Chisomo wanuyu mutamusiya pa Lizulu tsiku limodzi, angabwereko alibe mbatata, alibenso ndowa." Zinandiwawa chifukwa sananame. Ndinali nditatenga chikwangwani cha bungwe n'kuchiveka chitenje.

Ndiye Lachiwiri ndinakwera minibasi n'kupita pa Lizulu pomwepo. Amene mumadutsa msewu wa M1 mukudziwa kuti pamenepa msewu ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique, ndipo mbatata, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti zimaunjikidwa mpaka m'mphepete mwa phula. Mphepo ya mu Juni inali ikulowa m'mafupa. Ndinakhala pathumba pafupi ndi mayi ena achikulire amene ndimakonda kuwagula, n'kuwafotokozera vuto langa ngati ndikunena za mwana wanga weniweni.

"Ndiye mwana wanuyo akufuna chiyani?"

"Akufuna kutukuka, mayi."

Anaseka mpaka kutsamira ndowa. "Kutukuka! Amenewo ndi mawu a pamsonkhano, aphunzitsi, aja timaombera m'manja podikira Fanta. Ine pano ndikufuna malata 22, ndipo 14 ali kale kuseri kwa chitseko. Uyo apoyo akufuna mwana wake alembe mayeso a Fomu 4. Winayo akufuna achoke pa lendi. Palibe amene wadzukira kutukuka pano."

Ndinalemba mawu amenewo kuseri kwa lisiti. Chimene mwininkhani akufuna chiyenera kukhala chinthu choti womvera angathe kuchiwerenga ndi zala, azidziwa kuti lero wasendera pafupi kapena wabwerera m'mbuyo. Malata 14 mwa 22 ndi nkhani, chifukwa mawa akhoza kukhala 15, kapena mwana akadwala akhoza kutsala 10. Kutukuka sikuchepa, sikuwonjezekera, kumangokhala.

Ndisananyamuke ndinawafunsa za machimo a pamsika. Sanabise. Mbatata zikuluzikulu zimakhala pamwamba, tating'onoting'ono pansi. Ndowa yogulira kwa mlimi ndi ina, yogulitsira ndi inanso. Nditatukula nsidze anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga ana anga adye chilungamo?" Ndinagula ndowa imodzi, ndipo kunyumba tinapezadi tating'onoting'ono pansi.

Lachitatu sindinatuluke. Ili ndi tsiku limene ndimalikonda pantchitoyi, ngakhale palibe amene amandilipira chifukwa cha ilo: kulemba mbiri ya munthu amene sanabadwepo. Ndimatenga kope lapadera n'kumadzifunsa mafunso ngati ankhoswe. Anabadwira kuti? Analeredwa ndi yani? Ndani anamulakwira, ndipo iye analakwira yani? Zambiri mwa zimenezi sizidzamveka pa wailesi, koma ndikapanda kuzidziwa, mwininkhani amayankhula ndi pakamwa panga.

Ndinayamba ndi chaka chobadwa: 1992. Nditangolemba chakacho, zina zinabwera zokha. Nthawi imeneyo Dedza ndi Ntcheu kunali kodzaza ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Dziko lonse linasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kuno ambiri ankachokera ku Angonia, anthu oyankhula chiyankhulo chathu chomwechi, ena abale athu enieni. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo m'zaka ziwiri zotsatira. Ndiye bambo ake a mtsikana wangayu ndinawapanga kukhala mmodzi wa iwo. Analowa chikamwini pamudzi, anabereka ana awiri, kenako anati akukaona ngati munda wawo ulipobe. Sanabwerenso. Chimene anamusiyira mwanayo ndi mfunda wokha. Apa m'pamene dzina la Chisomo linafera. Anthu amamuitana Nangozo, dzina la munthu amene nkhope yake sakuikumbuka, ndipo amaliyankha tsiku lililonse.

Komabe kuthawidwa ndi bambo si bala limene ndinkafuna. Lagwiritsidwa ntchito kwambiri m'masewero athu moti womvera salimvanso kuwawa. Ndinapitirira mpaka 2002, pamene Nangozo anali ndi zaka 10. Aliyense wa msinkhu wanga amaikumbuka njala ya chaka chimenecho, makamaka Febuluwale ndi Malichi: anthu kudya gaga, kukumba zitsa za nthochi, mbuzi kugulitsidwa pamtengo wa nkhuku. Ndinadzifunsa kuti mwana wa zaka 10 anaona chiyani chimene mpaka lero sanauzepo munthu.

Ndinalemba zinthu ziwiri. Choyamba, atsibweni ake, monga mwini mbumba, anapinyolitsa dimba la amayi ake kwa munthu wina wopeza bwino, posinthana ndi ndowa zitatu za chimanga. Chimangacho chinatha, mlongo wake wamng'ono anamwalirabe, dimba silinabwerere. Chachiwiri ndi chaching'ono, koma ndicho chinandiimitsa cholembera. Tsiku lina amayi ake anamutenga kupita kwa achibale kukapempha ufa. Amayiwo anagwada pakhomo, iye ataima kumbuyo ndi mbale. Anauzidwa kuti ufa watha, pamene fungo la nsima likutuluka m'khitchini. Ulendo wonse wobwerera, mbale yopanda kanthu inali m'manja mwake.

Pamenepo ndinapeza zonse ziwiri nthawi imodzi. Chimene Nangozo akufuna ndi kuombola dimba la amayi ake amayiwo asanatsikire kuli chete, ndipo amene ali nalo akuti akufuna K900,000. Chilema chake n'chakuti sapempha, ndipo amanyansidwa ndi aliyense wopempha. Mwambi wake ndi umodzi: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtima womwewo umene unamuchotsa pa ganyu n'kumufikitsa pokhala ndi geni yakeyake ndi umene umamuchititsa kukalanda poto kwa mayi wamasiye amene wachedwa kubweza ngongole ya gulu. Alembi ambiri achinyamata amene amanditumizira nkhani zawo amapatsa mwininkhani chilema chongokongoletsa, monga kukonda tiyi kwambiri kapena kukhala wachifundo mopitirira muyeso. Zimenezo n'zodzikanda pabwino. Chilema chenicheni chimapweteka munthu wina amene womvera akumukonda.

Lachinayi ndinadzuka ndi matama. Ndinakonza zoti Nangozo, yemwe ndi msungichuma wa gulu, atsegule bokosi usiku n'kutapamo ndalama zokaperekera chikole cha dimba. Ndinalemba masamba asanu, okoma ndithu. Mayi akunyumba, omwe ali m'banki m'khonde kwa zaka zingapo tsopano, anangofunsa kuti, "Watsegula ndi chiyani?" Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sasunga kiyi. Mayi aliyense wa ku Linthipe kapena ku Mayani akanamva gawo limenelo akanatseka wailesi n'kunena kuti wolembayu sanakhalepo pamphasa ya gulu. Masamba asanu aja anayatsira mbaula.

Koma kulakwitsako kunandipatsa chinthu chabwino kuposa chimene ndinataya. M'gulu munthu amabwereka molingana ndi masheya ake, ndiye wofuna zambiri amachita chiyani? Amabwereka m'dzina la mnzake. Nangozo ali ndi msuweni wake wofatsa, wamasheya ambiri koma wosabwerekabwereka. Kuti amugwiritse ntchito ayenera kumupempha, ndipo kupempha ndi chinthu chimene Nangozo sangachite. Ndiye sapempha. Amamukumbutsa za ndalama ya mankhwala imene anamuthandiza nayo chaka chatha, mpaka msuweniyo kuvomera yekha ndi manyazi. Kuba kwa usiku kukanamusandutsa mbava wamba. Apa akadali Nangozo.

Masana ndinaimbirana ndi mayi wa kubungwe lija. Atamva zonsezi anakhala chete kanthawi. "Bambo, ife tikufuna amayi azilowa m'magulu. Inu mukuwaonetsa msungichuma wolanda mapoto." Ndinawayankha kuti amayiwo msungichuma wotereyu amamudziwa kale, ena amakhala naye mpanda umodzi, ndipo tikawabisira adzadziwa kuti tikuwanamiza pa zina zonse. Tinakokanakokana. Pomaliza tinagwirizana kuti chinyengocho chiululike m'gawo 9, gulu lichiweruze potsata malamulo ake, ndipo ine ndiwonjezere kachigawo kofotokoza za thumba la zadzidzidzi. Kachigawo kameneko sindikukakonda, kakununkha msonkhano, koma walira mvula walira matope. Ndalama ya lendi imachokera komweko.

Lachisanu tinakumana ndi ochita sewero kuti tiwerenge limodzi tisanajambule. Magetsi anazima tisanayambe, ndiye tinatulutsa mabenchi panja n'kukhala padzuwa. Mayi amene akutenga mbali ya Nangozo ndakhala ndikugwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndipo akaima pakati pa chiganizo ndimadziwa kuti pali mlandu. Anaima pa tsamba 7, pamene ndinalemba kuti: "Ndimauma mtima chifukwa ndinaiona njala ya 2002, ndipo ndinalumbira kuti sindidzapemphanso."

"Aphunzitsi, pepani, koma munthu sayankhula chonchi. Amene anaiona njala ija saitchula ndi chaka."

Ndinayesa kudziteteza kuti pa wailesi palibe nkhope, womvera adziwa bwanji za kale lake tikapanda kumuuza? Iwo anati ndiwapatse mphindi ziwiri. Anaitana kamtsikana kamene kakusewera mwana wa Nangozo n'kukauza kuti kayerekeze kuti kataya ufa pansi. Kenako anatsitsa mawu, osakalipa n'komwe: "Wola. Wola wonse. Ndi wa m'fumbiwo." Kamtsikanako kanati, "Amayi, ndi wochepa." Iwo anati, "Ndati wola." Pabenchi panali zii. Mnyamata wojambula mawu, yemwe mu 2002 anali asanabadwe, ananena kuti agogo ake amachita chimodzimodzi.

Ndinafufuta chiganizo changa pomwepo. Tinagwirizananso zoti nthawi iliyonse Nangozo akavutika mumtima, womvera azimva akumasula mfundo ya pachitenje n'kumawerenga ndalama chapansipansi, ngakhale akudziwa kale kuti ndi zingati. Nkhani ya mbale ija ndaisungira gawo 11, ndipo sadzainena yekha. Adzainena amayi ake, akudwala, akuganiza kuti mwanayo anaiwala.

Loweruka ndinatsala ndi munthu mmodzi amene ndinkamuzemba: mwini dimba watsopano uja. M'kope ndinali nditangomulemba kuti "wankhanza". Nditakhala pansi ndinaona kuti ndikubwereza tchimo la Lolemba, kungoti mbali inayo. Munthuyu anapereka chimanga pamene ena ankatseka zitseko. Walima dimbalo zaka zoposa 20, anakumbamo chitsime, anadzalamo mapichesi, ndipo ana ake aphunzira ndi kabichi wa mmenemo. Nkhaniyi ikadzafika kwa anyakwawa, iyenso adzakhala ndi mawu omveka, ndipo Nangozo adzayenera kusankha pakati pa kumukokera kubwalo ndi kupita kukagwada pakhomo pake, monga anagwadira amayi ake.

Ndinafufuta "wankhanza" n'kuyamba gawo 4. Kunja chifunga chinali chitaphimba phiri la Dedza, zala zikukanika kugwira cholembera. Mzere woyamba ndi wa mnyamata wojambula mawu: kumveke khasu likugwa m'dothi lonyowa, liime. Kenako mawu a bambo wachikulire, ansangala, opanda chinyengo chilichonse: "Ee, Nangozo! Lowani, lowani. Mutengereko mapichesi amayi anu."