Loweruka usiku: magitala opanda magetsi

Ndangofika kumene, tulo sitikubwera, ndiye bola ndilembe zisanazilale.

Mnzanga wakhala akundiumiriza kuti tikaonere kagulu kena ka anthu anayi komwe kamasakaniza country ndi punk. Ndinkakayika. Kwa ine country ndi nyimbo zodekha, za munthu wosweka mtima, pomwe punk ndi ukali wa achinyamata a ku New York ndi London m'zaka za m'ma 1970. Ziwirizi zigwirizana bwanji, popanda ngakhale chokuzira mawu?

Chipinda chake chinali chaching'ono moti ndinakhala pafupi kwenikweni ndi mtsikana wa banjo. Panali gitala imodzi, besi yaikulu yoimika ija, ndi kang'oma kamodzi komwe mnyamata ankakapalasa ndi timaburashi ta waya. Anangowerenga mpaka 4, basi nyimbo yayaka, ndipo isanakwane mphindi ziwiri yatha.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Zala za wa gitala sizinkachoka pa makodi atatu, G, C ndi D, omwewo amene anyamula nyimbo zambirimbiri za country. Punk nayonso imakhutira ndi makodi ochepa chomwecho, kungoti imathamanga. Mnzanga anandinong'oneza kuti si zachilendo: ku America ankazitcha cowpunk m'zaka za m'ma 1980, ndipo a gulu loimba la Violent Femmes, omwe chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1983, anayamba ndi kuimba m'misewu ya ku Milwaukee ndi zida zopanda magetsi.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi nyimbo yachisanu. Woimbayo, yemwenso ndi wa gitala uja, ankanena za bambo ake, mmene anachotsedwera ntchito n'kumadzukabe m'mamawa, kuvala bwinobwino, kuti ana asadziwe. Ndime yoyamba anaimba motsitsa, mawu akunjenjemera. Pofika pa kolasi anakuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, wa besi akumenya nsambo ndi chikhatho, phaa! phaa! Pakati pomwepo nsambo imodzi ya gitala inaduka. Sanaime. Anamaliza ndi zisanu zotsalazo, thukuta lili kamukamu, chala chikutuluka magazi pang'ono.

Sindinama, banjo inkaphimba mawu m'nyimbo zina, ndipo nyimbo ziwiri zomaliza zinkafanana kwambiri. Akanasiyako imodzi.

Titatha ndinamufunsa woimba uja ngati bambo akewo anaimvapo nyimboyo. Anati ayi, sanalimbebe mtima. Kenako anawerama n'kuyamba kumasula nsambo yoduka ija.