Lachitatu lija ku Clare anandiputa a kuofesi

Anzanga oyendetsa mabasi a alendo kuno ku Ireland mukudziwa kale mmene July amakhalira ndiye sindichulutsa. Lolemba ndinanyamula anthu 38 ku Dublin, ambiri a ku America, ulendo wa masiku asanu wothera ku Cork. Masiku awiri oyamba zinali za nthawi zonse, zikwama, zithunzi, wina wasiya foni ku hotelo, wina akufuna toileti titangonyamuka kumene.

Koma Lachitatu abale. Tachoka ku Galway mmawa, talowa m'chigawo cha Clare, tadutsa ku Burren, dera la miyala yokhayokha, taima ku Cliffs of Moher, maphompho a m'mbali mwa nyanja, mphepo ija yolanda zipewa yawamenya mpaka onse njala. Papepala a kuofesi analemba nkhomaliro 1:30 pa lesitilanti inayake. Ndafika mayi wa pakauntala watsegula buku lake, wayang'ana uku ndi uku, dzina lathu mulibe. Palibe anaimba foni kusungitsa malo. Ndaimbira kuofesi mtsikana wake akundiyankha mosatekeseka nkomwe akuti ingowapititsani pa filing'i siteshoni agule masangweji. Anthu awoloka nyanja, alipira ndalama zankhaninkhani, chinyamukireni akundifunsa za chakudya chenicheni cha ku Ireland, ine ndikawaimike pa mapampu a dizilo? Komanso lesitilanti yomweyo tonse tikudziwa chomwe amaikondera, ndi kakomishoni basi, supu yake amachita kutenthetsa ya dzulo.

Basi yaitali ngati yanga m'timisewu ta ku Clare ta mipanda ya miyala sutembenuza paliponse, thukuta linatuluka. Ndinaimbira mwini pabu ina ya pamudzi pomwe ndimadya ndikakhala ndekha, anati bwerani koma mulowe magulu awiri, ophika ndili nawo awiri okha. Pabolodi panali zakudya zinayi basi. Chowder, supu ya nsomba, inabwera ikufuka nthunzi, yolimba yoti supuni kuima, muli salmon, nsomba yowamba ndi mussels (tinyama ta m'nyanja ta m'zigoba), pambali buledi wabulauni wa soda wotenthabe, bata wachikasu akusungunuka. Tebulo lonse zii, phokoso la masupuni lokha.

Mdala wina wa ku Boston anakakamira corned beef, nyama ya ng'ombe yamchere, ndi kabichi akuti agogo ake ankadya zimenezo. Mwini pabu anamuuza mwaulemu kuti zija zinayambira kwanu komweko, aIrish atafika ku New York anapeza ng'ombe yamchere ndi yomwe angakwanitse, kuno ndi nkhumba yowiritsa ndi kabichi ndi msuzi woyera wa parsley. Anadya monyinyirika, kenako ndinamuona akupukuta mbale ndi buledi. Ine ndinatenga stew ya nkhosa, mbatatesi m'kati, ina yopota pambali. Kwathu ku Ntcheu timangoti ayirishi, ndinadzamvetsa nditafika kuno, anthuwa popanda mbatatesi amati sanadye ngati ife ndi nsima.

Tili m'basi mayi wina anandifunsa kuti malo oterewa mumawadziwa bwanji. Ndinati onani panja, pakakhala maveni a omanga nyumba ndi thirakita lowani, mukaona menyu yamasamba asanu ya zithunzi ngati za ku Temple Bar, dera la alendo la ku Dublin, gwirani chikwama chanu. Ndipo kumidzi musadikire usiku, ikamakwana 9 makhitchini ambiri atseka.

Lachinayi Killarney mvula tsiku lonse. Lachisanu ndinawasiya ku English Market ku Cork, msika wa zakudya womwe unatsegulidwa mu 1788, ena analawa spiced beef, ng'ombe yothira zokometsera, koma drisheen, soseji ya magazi ija, anangoijambula osaigwira.

Loweruka ndikutsuka basi imelo yalowa yochokera kuofesi. Akufuna ndifotokoze chifukwa chake ndinachedwa mphindi 50 Lachitatu komanso ndani anandiloleza kupita pamalo omwe sali pa mndandanda wa kampani. Za foni yomwe sanaimbe ija sanatchulemo. Sindinayankhebe, Lolemba ndili ndi gulu lina la anthu 41 ndipo papepala alembanso lesitilanti yomwe ija.