Mng'ono wanga wapeza ntchito yosamalira njira ya m'mapiri

Usiku wathawu mng'ono wanga wandiimbira foni kundiuza kuti amulemba ntchito yosamalira malo m'mbali mwa Appalachian Trail, njira ya anthu oyenda pansi yotalika makilomita pafupifupi 3,500, yomwe imachokera ku Georgia mpaka ku Maine kudutsa m'zigawo 14 za dziko la United States. Mtima wanga wadzaza ndi chimwemwe, ngakhale ena ayamba kale kufunsa chifukwa chimene munthu wophunzira angasankhire kukagwira ntchito kutchire.

Ine ndikuona kuti ntchitoyi ndi yolemekezeka kwambiri. Njirayi inamalizidwa mu 1937, koma bwenzi itawirira kalekale pakanapanda anthu oyendera malire a malo otetezedwa, okumba ngalande kuti madzi amvula asakokolole nthaka, ozula zomera zachilendo zimene zimapondereza zomera za kumaloko, ndiponso okumbutsa alendo kuti asataye zinyalala ndipo azimitse moto asanachoke pamene anagona. Wodutsa amangoona njira yosalala, osadziwa kuti pali amene anasenza miyala kuti amange masitepe pamalo otsetsereka.

Ambiri amene akagwire nawo ntchito ndi ongodzipereka osalandira malipiro, choncho ndamupempha kuti akaphunzire kwa iwo modzichepetsa.