Impact factor ya magazini ya sayansi ya chakudya: muziiwerenga motere

Mukamafuna magazini yotumizako kafukufuku wa nshawa kapena chimanga, nambala yoyamba yomwe amakuonetsani ndi impact factor, yosonyeza kuti ofufuza ena amatchula kangati nkhani za magaziniyo m'zolemba zawo. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Onani kuti nkhani zomwe magaziniyo inasindikiza mu 2022 ndi 2023 zinatchulidwa kangati ndi ofufuza mu 2024, kenako mugawe ndi kuchuluka kwa nkhanizo. Tiyerekeze nkhani 100 zatchulidwa ka 300, nambala ndi 3. Impact factor yeniyeni imachokera ku kampani ya Clarivate basi, mu lipoti lake la pachaka la Journal Citation Reports. CiteScore, nambala ina yofanana nayo yochokera ku nkhokwe ya kafukufuku ya Scopus, imatenga zaka zinayi, choncho ziwirizi musazisakanize.

Kunena zoona, zaka ziwiri n'zochepa pa ntchito yathuyi. Wofufuza za aflatoxin (poizoni wochokera ku nkhungu) mu nshawa, kaya ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera kuno ku Chipata, amadikira mvula, kukolola, kuumitsa ndi miyezi ya m'nkhokwe asanalembe, ndiye amatchula ntchito ya anzake mochedwa. Magazini yodzaza nkhani zongounika ntchito za ena imakwera msanga, ina imadzikweza podzitchula yokha. Mlangizi akaphunzitsa alimi a ku Katete kuumitsa bwino nshawa chifukwa cha kafukufukuyo, nambalayi siiona.

Palinso magazini onyenga omwe amadzilembera nambala zabodza. Musanalipire ndalama iliyonse yosindikizira nkhani yanu, fufuzani dzina la magaziniyo pa Master Journal List ya Web of Science, mndandanda wa magazini omwe Clarivate inawavomereza.