Zala za Tony Iommi, gitala yanga ya ku Kawale ndi ulendo wa ku Ghanzi

Ntchito yanga ndi yowotcherera. Shedi yathu ili cha ku Biwi kuno ku Lilongwe, timapanga mageti, mabagalabazi, mafelemu a zitseko ndi mawindo, nthawi zina kukonza mawilibala. Ndimakhala ku Kawale ndiye kuntchito ndimapita wapansi, ndipo ulendo wam'mawa umenewo ndi nthawi yanga yoyamba ya nyimbo, mahedifoni m'makutu, ng'oma zikugunda mwaliwiro ine ndikudutsa azimayi a mandasi ndi anyamata a kabaza. Ndikangofika pa shedi mahedifoni amalowa m'thumba. Apa pokha sindinyengerera, ngakhale anyamata amene timawaphunzitsa ntchito ndimawauza, ukagwira gulayinda makutu ako akhale pa disiki, chifukwa disiki ikatsala pang'ono kusweka kaliridwe kake kamasintha, ndipo ikasweka ili pa liwiro imang'amba munthu nkhope. Ndiye nyimbo zimadikira nthawi ya nkhomaliro pa chiwaya, kapena magetsi akazima, tikakhala pa benchi n'kuyatsa kasipika kanga anzanga n'kumati aise tsitsa phokoso lakolo, koma alipo mmodzi amene masiku ano amapempha yekha kuti ndiike Iron Maiden, bandi ya heavy metal ya ku England.

Heavy metal, mtundu wa nyimbo za rock wa magitala olemera ndi ng'oma zamphamvu, ndinayidziwira kwa msuweni wanga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera pa Khirisimasi ndi memole khadi yodzadza n'kundisiyira. Ine ndinakulira pa rege ya ku Chileka ndi nyimbo za kwaya, mpaka lero ndimazimvera. Koma mu khadimo munali bandi ya Black Sabbath, ndipo gitala yake inandigwira pamtima nthawi yomweyo, yolemera, yochedwa, yosathamangira kulikonse. Nditadzafufuza pa intaneti za munthu amene ankaiimbayo m'pamene ndinadziwa kuti nyimbo zimenezi sindidzazisiya.

Tony Iommi anali mnyamata wa zaka 17 ku Birmingham, akugwira ntchito pa fakitale ya zitsulo, wowotcherera mnzanga ameneyu. Tsiku lake lomaliza pa ntchito, poti ankasiya kuti azingoimba basi, anamuika pa makina opinda zitsulo amene sankawagwira masiku onse, makinawo n'kumudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, chapakati ndi chovala mphete. Iyeyu ndi wamanzere, ndiye dzanja lamanjalo ndi limene limakanikiza mawaya pa gitala. Aliyense amene anagwirako gitala akudziwa kuti nsonga za zala ndiye moyo wonse wa woimba. Bwana wake wa pa fakitale anamubweretsera chimbale cha Django Reinhardt, woimba jazi amene moto unamupundula zala ziwiri koma ankaimbabe modabwitsa, kuti amve kuti sizinathe. Ndiye mverani zimene anachita mnyamatayu. Anatenga botolo la pulasitiki la sopo wotsukira mbale, kulisungunula, kuumba timipira, kuboola ndi chitsulo chamoto kuti chala chilowe, kupala mpaka kufika saizi ya chala, kenako kumata kachikopa ka jekete yakale pamwamba kuti waya asamaterereke. Mawaya olimba ankamupweteka ndiye anayamba kugwiritsa ntchito opyapyala, ena ochokera pa banjo. Bandi yawo ija inayamba 1968 ku Aston, dera la ku Birmingham komweko, iye ndi woimba mawu Ozzy Osbourne, Geezer Butler ndi Bill Ward, chimbale choyamba chinatuluka 1970, ndipo pa chachitatu mu 1971 anamasula mawaya kuti afewe, mawu a gitala n'kutsika pansi n'kulemera kwambiri. Kulemera kumene mabandi masauzande akutsanzira lero kuli ndi chala cha munthu wovulala pa ntchito mkati mwake.

Ine nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndikuidziwa kuchokera m'manja mwangamu. Ndaonapo anzanga atadulidwa ndi lata, ena maso akuwawa usiku wonse ngati muli mchenga chifukwa chowotcherera opanda magalasi, m'mawa n'kubweranso pa ntchito poti ana adye. Ndipo nzeru yosungunula botolo ija ndi nzeru yathu yeniyeni. Onani babatoni wa Madalitso Band kapena wa Gasper Nali, chida chopanga okha cha waya mmodzi koma chikugwedeza anthu kunja. Amene amati metal ndi ya ana a mabwana sadziwa kumene inachokera. Judas Priest nayonso ndi ya ku Birmingham komweko, dera la mafakitale ndi utsi.

Gitala yanga ndinagula kwa mnyamata wina amene ankaimba mu bandi ya tchalitchi, ilibe dzina lodziwika, utoto wake wofiira unakalika pomwe pamakhala mkono. Khosi lake linali lopindika pang'ono moti mawaya anali kutali ndi mafureti, ndinachita kumanga pang'onopang'ono chitsulo cha mkati mwa khosimo ndi alenikii mpaka kuwongoka. Ampu ndi yakale ya sipika imodzi, ndinaikonza ndekha, kusintha makapasita awiri otupa ndi kumatanso waya wa jeki ndi soda, ndipo kukonza ma ampu ndi mawailesi akale tsopano ndi chinthu chimene ndimachita Loweruka masana, anthu a m'dera mwathu amandibweretsera. Kapedulo ka distortion, kachipangizo koponda ndi phazi kamene kamakalipitsa mawu a gitala, kanachokera kwa msuweni yemwe uja. Vuto lalikulu ndi mawaya. Nthawi ya dzinja amachita dzimbiri msanga, kuwonjezera thukuta la m'manja mwanga, ndipo kupeza seti yonenepa bwino yoti umasule osalendewera ndi ntchito, m'mashopu ambiri mumapezeka opyapyala a makwaya. Ndiye ndikamaliza kuimba ndimapukuta waya aliyense ndi kansalu, pansi ndi pamwamba, ndipo akafooka mawu ndimawachotsa n'kuwawiritsa m'kapoto kakale, litsiro limayandama pamwamba, ndikaumitsa n'kubwezeretsa amalirakonso bwino kwa kanthawi. Ndimakonda kumasula waya wamkulu kuchoka pa E kufika pa D, pamenepo chala chimodzi chimagwira mawaya atatu n'kutulutsa kodi yolemera, zimene zimandithandiza masiku amene zala zatupa ndi ntchito. Chikhatho cha dzanja lamanja chimagona pang'ono pa mawaya kufupi ndi buliji, ndiye mawu amatuluka ofupika, ogunda, gu gu gu gu, ndipo ukawagwira bwino pamodzi ndi metronome ya pa foni, kaja kogunda kosunga liwiro la nyimbo, thupi lonse limamasuka, kutopa kwa tsiku kumachoka. Ikakwana eyiti koloko ndimalumikiza mahedifoni chifukwa nyumba zathu n'zogundana ndipo aneba ali ndi khanda.

Za satana tsopano, poti funso limeneli silisowa. Amayi anga atabwera kuchokera kumudzi anaona tisheti yanga ya chigaza pa chingwe, anakhala chete mpaka madzulo, kenako anati, "Mwanawe, ndiuze zoona, walowa za anthu opopa magazi zija?" Ndinawakhazika pansi n'kunena kuti, "Amayi, Lamulungu mundiona ndikupita kutchalitchi limodzi ndi apongozi anuwa, ndalama zanga mukuziona mmene zimabwerera, ndi za marodi ndi thukuta." Sanakhutire tsiku lomwelo, ndipo sindiwaimba mlandu, anthu avutika ndi mphekesera zotere m'dziko muno, ena mpaka kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. N'chifukwa chake zimandipweteka munthu wophunzira akamaponya mawu amenewa mwachibwana pa Facebook. Chizindikiro cha zala ziwiri chimene okonda metal amaimika ngati nyanga anachitchukitsa ndi woimba Ronnie James Dio, ndipo iye ankanena poyera kuti anachitenga kwa agogo ake aakazi a ku Italy amene ankachita zimenezo pothamangitsa diso loipa. Geezer Butler amene ankalemba mawu ambiri a Black Sabbath anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo zambiri zimene ankalemba ndi zodzudzula nkhondo ndi atsogoleri otumiza ana a amphawi kukafa. Nicko McBrain, amene anaimba ng'oma mu Iron Maiden zaka zoposa 40, ndi Mkhristu wodziwika. Komanso sindibisa, zoipa zilipo. Ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anyamata ena oimba mtundu wa metal wotchedwa black metal anatentha matchalitchi, kuphatikizapo la matabwa la Fantoft kufupi ndi Bergen mu 1992, ndipo ena anaphana okhaokha. Zimenezo ndi umbanda, ine nyimbo za anthu amenewo mu foni mwanga mulibe ndipo simudzakhala.

Ena amati chabwino si za satana koma ndi za azungu. Amwene, tangodutsani Mchinji. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 kunali rock yawo yotchedwa Zamrock, mabandi monga WITCH ndi Amanaz a ku Kitwe, Musi-O-Tunya, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Pezani zimbale za Ngozi Family za 1976 ndi 1977 mumve gitala yake mmene ikukalipira, ndipo nyimbo zina bamboyu akuimba m'Chinyanja chomwe tikumva tonse osafuna womasulira. Tsiku loyamba kumva zimenezo ndinaimirira pakati pa msewu. Kaunda analamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za m'dzikomo, migodi ya kopa inali ndi ndalama, anyamata ankagula magitala. Kenako mtengo wa kopa unagwa, Edzi inadzatenga oimba ambiri, Paul Ngozi anamwalira 1989, koma Jagari Chanda wa WITCH akadalipo ndipo wabwereranso pa siteji m'maiko akunja atakalamba. Kwathu kuno zinali zina. Nthawi ya Kamuzu mwamuna kusunga tsitsi lalitali kunali kuphwanya lamulo, alendo ankametedwa pa bwalo la ndege, bungwe la Censorship Board linkasefa nyimbo ndi mabuku kuyambira 1968, wailesi inali imodzi yokha ya MBC, TV yathu inadzayamba 1999. Ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake rock sinamere mizu kuno pomwe kwa aneba athu inaphuka, si kuti makutu athu ndi osiyana ndi a ku Chipata.

Jekete yanga ya jinzi ndinaipeza pa kaunjika, ndinadula mikono, ndipo mapachi ake ndimatola kumeneko komwe. Ndikamva kuti atsegula belo la matisheti ndimapita kukafukula, nthawi zina umapeza ya Metallica kapena Slayer yong'ambika kukhwapa, wogulitsa sadziwa n'komwe kuti n'chiyani, ndimagula motchipa n'kudula chithunzicho. Mayi a kunyumba ndi telala, ndiwo amandisokera, amapinda m'mphepete bwinobwino kuti isamasosoke, okha amamvera gospel koma jeketeyo amainyadira chifukwa ndi ntchito ya manja awo. Ya chigaza anati isamayanikidwe panja apongozi akakhalapo, ndinavomera.

Tili ndi kagulu ka pa WhatsApp, ochepa ndithu, ena ku Blantyre, ena ku Mzuzu, wina ku Lusaka, timatumizirana nyimbo usiku bandulo ikatchipa. Pa 5 July 2025 Black Sabbath inaimba komaliza pa bwalo la mpira la Villa Park ku Birmingham, anthu anayi oyambirira aja onse pamodzi, Ozzy atakhala pa mpando chifukwa matenda a Parkinson's anali atamufooketsa miyendo, ndalama zake zikupita kothandiza odwala kuphatikizapo chipatala cha ana cha mumzindawo. Ife tinkaonera tizidutswa timene anthu ankaponya, kagulu konse maso mpaka usiku. Pa 22 July Ozzy anamwalira ali ndi zaka 76. Ndinalira ndithu, ndili pa shedi, ndinavula chipewa chowotcherera n'kukakhala kuseri kwa kanthawi.

Chimene ndikusungira ndalama pano ndi Botswana. Kumeneko metal ili ndi anthu ake enieni, mabandi monga Wrust ndi Skinflint a ku Gaborone, ndi Overthrust ya ku Ghanzi, tauni ya ng'ombe m'chipululu cha Kalahari. Okonda nyimbozi amadzitcha Marok, amavala zikopa zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zipewa za abusa a ng'ombe, maunyolo, azimayinso ali momwemo osaopa. Overthrust imakonza chikondwerero cha Winter Metal Mania ku Ghanzi komweko nthawi yozizira, ndipo zimene amapeza amathandizira ana ovutika a m'deralo. Njira ndinaiwerenga kale pa mapu, Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula umene anatsegula 2021, kenako Nata, Maun, Ghanzi. Ndi kutali, koma geti iliyonse ndikamaliza ndimapatula kangachepe, ndipo mnzanga wa ku Lusaka uja wati tidzagona kwawo.

Koma sindikufuna kukafika kumeneko manja lende. Bandi ya Sepultura ya ku Brazil mu 1995 inapita kwa anthu a mtundu wa Xavante kukajambula nawo, n'kulowetsa ng'oma za kwawo mu metal, ndipo palibe anati asiya metal. Ine ndakhala ndikuyesa kuika gitala yolemera pa kagundidwe ka manganje, kamene kamayenda patatupatatu, ndipo zimagwirana bwino kuposa mmene ndinkaganizira, makamaka ukachedwetsa pang'ono. Za gule wamkulu sindikhudza, zili ndi eni ake. Mawu ndikulemba m'Chichewa, ina ndi ya mnyamata amene anataya diso pa ntchito bwana wake osamupatsa kalikonse. Wa besi alipo ku Area 23. Tikusowa wa ng'oma amene miyendo yake yonse iwiri imathamanga, ndipo poti pedulo ya pawiri ndi yodula ndayamba kupanga yanga pa shedi, shafuti ndi mabering'i a njinga yamoto, tcheni cha njinga ya kapalasa, chatsala ndi kupeza masipuling'i awiri ofanana mphamvu chifukwa amene ndili nawo wakumanzere ukubwerera mochedwa. Ngati ukuimba ng'oma kutchalitchi kapena kulikonse muno mu Lilongwe ndipo Loweruka masana umakhala ulibe chochita, undipeze, tidzayese limodzi.