Thumba ndi thumba basi?

Sabata ino ndayenda makomo 9 a odwala impso amene amapangira kunyumba dialysis, chithandizo chosefa magazi impso zikalephera, kuyambira ku Highfield mpaka ku Epworth, kuno ku Harare. Zambiri zinali za masiku onse, kuona polowera chubu, kuwerenga kope la sikelo, kukumbutsana za mchere ndi nthochi. Koma za Lachitatu zikundiwawabe mumtima.

Ku Mufakose kuli agogo ena aamuna, kwawo ku Dedza, anabwera kuno ali kamnyamata nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland. Ali pa CAPD, dialysis yothira madzi a shuga m'mimba kudzera pachubu n'kuwatulutsanso, matumba anayi a malita 2 patsiku, ndipo amawasinthira ndi mdzukulu wawo. Impso zawo zikutulutsakobe mkodzo, n'chifukwa chake adokotala anawalembera matumba a shuga wochepa, a 1.5%. Ndinawapeza ali thapsa pamphasa, kukamwa kuli gwa, BP 85/50, sikelo itatsika ndi makilo atatu m'masiku asanu okha.

"Agogo, zatani?"

"Mwanangu, ndikati ndidzuke nyumba ikuzungulira. Miyendo kukokana usiku wonse."

Nditasuzumira kuchipinda, makatoni onse a 4.25%. Kumene timasungira katundu a 1.5% anatha, wina n'kungotumiza amene analipo, ngakhale foni osaimba. Anzanga mukudziwa mmene shuga wochuluka choncho amakokera madzi m'thupi. Amenewo timapatsa munthu wotupa miyendo, wobanika, osati nkhalamba yowonda ngati iyi, kanayi patsiku.

Mdzukulu uja anagwetsa misozi, akuti ankayesa thumba ndi thumba basi. Ndimudzudzule bwanji? Mwana yemweyu amalawirira kumjigo 4 koloko m'mawa poti pampopi pauma, n'kuwiritsa madzi osamba m'manja. Chaka chonse madzi otuluka m'mimba mwa agogo ake ali mbee, peritonitis, matenda obwera majeremusi akalowa m'mimba, sinawagwirepo.

Ndinaimbira adokotala, tinathamangira nawo kuchipatala, anawaika diripi. Matumba a 1.5% ndinakapempha kubanja lina ku Glen Norah, kumene bambo anatisiya mwezi watha makatoni osatsegula adakali mulu pakhonde. Mayi wamasiye uja anandithandiza yekha kunyamulira m'galimoto.

Lachisanu pamsonkhano abwana sanafunse n'komwe amene anatumiza matumba olakwika. Anafunsa fomu yosamutsira katundu, kuti ndinalemba kapena ayi. Kenako akuti bwanji odwala onsewa tingowaika pa makina osintha okha madziwo usiku. Magetsi ake ati, ku Mufakose?

Agogo atuluka dzulo, BP 120/70. Ndamata pepala pachitseko cha kuchipinda kwawo, ndalembapo 1.5% ndi zilembo zikuluzikulu.